Mcere Wobisika m'Ndiwo za ku Thailand

Ku Thailand, dziko la ku Asia, mpunga ndiye nsima yao. Mau akuti "kin khao" atanthauza kudya mpunga, ndipo ndiwo mau omwe agwiritsa nchito ponena za kudya cakudya ciliconse. Ku Bangkok adya mpunga woyera wonunkhira, koma kumpoto ndi ku Isan akonda mpunga womata umene aumba ndi manja ndi kusunsa m'ndiwo.

Pa nthawi ya cakudya banja likhala pamodzi, aliyense ndi mbale yake ya mpunga, ndiwo zitatu kapena zinai zili pakati. Kawiri-kawiri pamakhala nsomba, mazira okazinga, masamba, supu wowawasa wochedwa tom yum, ndi som tam, amene ndi papaya wosapsa wosinjidwa mu mtondo pamodzi ndi tsabola ndi mandimu. Aliyense atapa pang'ono-pang'ono ndi supuni. Kadyedwe kotere ndi kabwino cifukwa thupi lilandira zakudya za mitundu yambiri nthawi imodzi.

Koma bvuto lili pa mcere. Pafupifupi ndiwo zonse athiramo nam pla, msuzi wa tinsomba tating'ono tosungidwa mu mcere kwa miyezi yambiri. Supuni imodzi yaikulu ya msuziwu ili ndi mcere woposa theka la umene munthu wamkulu afunika pa tsiku. Bungwe la World Health Organization linena kuti mcere usapose magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, koma anthu a ku Thailand adya pafupifupi kuwirikiza kawiri. Anchito ambiri m'matauni agula ndiwo zophika kale pamsika, motero sadziwa mcere umene ulimo.

Mcere wambiri usunga madzi m'thupi ndi kukweza BP. Matendawa sapweteka poyamba, koma aononga mtima, impso ndi mitsempha ya mu ubongo. Sitoloko ndi imodzi mwa matenda amene apha anthu ambiri m'dzikolo.

Mcere wosaoneka ulinso m'makomboni: mu kapenta ndi nsomba zouma zamcere, masoseji ndi supu wa m'mapaketi. Nsomba zotere zibviikidwe m'madzi zisanaphikidwe, mcere usaikidwe pa tebulo, ndipo akulu onse apimitse BP ku kiliniki ngakhale asamve kudwala.