Injini ikamagogoda tisanamizire ethanol

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa dandaulo lomwe lafala kuno ku Mphunzi pakati pa eni magalimoto akale monga Peugeot 404 ndi Land Rover. Ambiri akuti petulo wa masiku ano ngosukuluka chifukwa amamusakaniza ndi ethanol, n'chifukwa chake injini imalira ngati misomali m'chitini pokwera chitunda.

Ine ndakonza magalimoto zaka zambiri ndipo ndikuti ayi. Ethanol wa nzimbe za ku Dwangwa adayamba kuthiridwa m'petulo mu 1982, ndipo amathandiza kuletsa kugogodako. Vuto lake n'loti amadya mapaipi akale a labala. Chidachoka m'petulo mu 2006 ndi mtovu, umene unkaletsa kugogoda ndi kuteteza pokhala mavavu, koma unkaononga ubongo wa ana. Sitingaulire.

Injini imagogoda pamene mafuta akuphulika okha m'malo moyaka mwadongosolo. Choyamba, makaniko abwezeko timing pang'ono kuti moto wa mapulagi usafulumire. Izi aziyesa galimoto itanyamula katundu pachitunda, osati itaima pabwalo. Kumbukiraninso kuti kuno kumtunda mpweya ngwopepuka ndi wozizira. Galimoto yoyenda bwino pa Dedza ingayambe kugogoda mukatsikira ku Golomoti kotentha.

Chachiwiri, tsukani radiator ndi carburettor, ikani mapulagi oyenera, ndipo injini ikakalamba muchotse mwaye wouma pamwamba pa mapisitoni. Mavavu muziwayezetsa kawirikawiri. Chachitatu, madalaivala lekani kukakamira giya yaikulu pachitunda poti mukupulumutsa mafuta. Mukamva kulira kuja, sinthani giya msanga.

Koma mdani wamkulu ndi petulo wa m'zigubu wosakaniza ndi parafini. Ameneyu amatchipa lero, mawa pisitoni yabooka, injini yanoka.

Ndikupempha abusa, ansembe ndi akuluampingo osunga magalimoto akale kuti nkhaniyi aitengere pamtima. M'midzi yathu galimoto imodzi yomweyo ndiyo imathamangitsira mayi wodwala ku chipatala cha Nkhoma usiku, kunyamula feteleza ndi kuperekeza maliro. Ikafa chifukwa cha malita asanu otchipa, wovutika ndi mudzi wonse. Safunsa adadya phula.

Makaniko wopuma,
Mphunzi, Dedza.