Maselo oteteza thupi ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha

Magazi amaundana kuti atseke bala, koma mtsempha ukakhala wotupa mkati kwa zaka zambiri, amaundana ngakhale popanda bala. Maselo oyera, omwe ntchito yawo ndi kuteteza thupi, amatengapo mbali yaikulu.

Ma monocyte, omwe ndi mtundu wina wa maselo oyerawa, amalowa m'khoma la mtsempha n'kumeza mafuta a cholesterol mpaka khomalo litafufuma. Amatulutsanso puloteni yotchedwa tissue factor, imene imayambitsa kuundana. Ma neutrophil nawo amaponya ulusi wa DNA wolukana ngati ukonde kuti akole tizilombo, monga ofufuza a ku Berlin anaonetsera mu 2004. Ukondewu umakolanso ma platelet ndi maselo ofiira, ntchintchi ya magazi n'kukula mpaka kutseka njira.

Ku Katete, Sinda ndi Vubwi nkhaniyi imakhudza kwambiri anthu amene ali ndi HIV kapena TB, chifukwa matendawa amachititsa kutupa kwa nthawi yaitali m'thupi. Ma ARV amachepetsa kutupako koma sakuthetseratu, ndipo shuga, BP ndi fodya zimawonjezera ngozi. Mwendo umodzi ukatupa n'kumatentha, munthu akabanika mwadzidzidzi, kapena kamwa ikapotoka, wodwalayo athamangire naye kuchipatala, monga cha St Francis ku Katete. Mankhwala monga heparin ndi warfarin amaletsa ntchintchi ya m'mwendo kapena m'mapapo kukula.