Mphuno ndi mano zikavulala pamodzi: choyamba n'chiti?

Anthu ogwa pa njinga yamoto ya kabaza m'misewu ya Mangochi, Monkey Bay ndi Namwera nthawi zina amathyoka mphuno komanso kuguluka mano akutsogolo, makamaka ngati sanavale chisoti. Ambiri amafulumira kufuna kukonza maonekedwe a mano, koma chithandizo chili ndi ndondomeko yake.

Chofunika changu kwambiri ndi dzino la munthu wamkulu lomwe lazuka lonse. Dzinoli lingathe kugwiranso ngati labwezedwa pamalo pake pasanathe mphindi 60. Aligwire kumutu osati kumuzu, alisunge mu mkaka kapena m'malovu kuti lisaume, ndipo athamangire kuchipatala. Dzino laubwana silibwezedwa, chifukwa lingawononge lomwe likudza pansi pake.

Kenako mphuno. Fupa lake likapotoka, madokotala amadikira kutupa kuphwe kwa masiku ochepa, n'kuliwongola pasanathe masiku 14, lisanayambe kulumikizana mokhota. Magazi oundana pa khoma la pakati pa mphuno amayenera kuchotsedwa tsiku lomwelo. Amene chipatala cha boma cha Mangochi sichingathe kuwathandiza amatumizidwa ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre.

Ntchito yokongoletsa mano, monga kuyeretsa, kuvindikira dzino kapena kuika mano oikirira, imabwera pomaliza. Mafupa a mphuno amatenga pafupifupi masabata 6 kuti alimbe. Pogwira ntchito pa mano akutsogolo, dokotala amakoka mlomo wam'mwamba, zomwe zimasuntha tsinde la mphuno. Wodwalayo amapumiranso pakamwa mphuno ikadali yotupa, choncho kuyasama nthawi yaitali kumamuvuta. Komanso mlomo wotupa umasokoneza muyeso, ndipo mano oikirira akhoza kudzaoneka aatali kapena aafupi kutupa kukatha. Dzino lomangirira m'fupa limadikira miyezi ingapo, ndipo kwa ana limadikira mpaka atasiya kukula.

Koma dzino lopweteka kapena lochita mafinya silidikira masabata amenewa.

Madokotala a mano ndi ochepa m'Malawi. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. N'chifukwa chake ndi bwino kuti azaumoyo alembe tsiku la opaleshoni ya mphuno m'buku lachipatala la wodwala, kuti wochokera kutali ngati ku Makanjira asawononge ndalama ya ulendo nthawi isanakwane.