Zimene zimakweza mtengo wa tenda ya msewu

Msewu wa M1 umene umadutsa pa Lupembe, pakati pa Chiweta ndi boma la Karonga, ndi womwe malole a mafuta ochokera ku Dar es Salaam amayendamo akalowa m'dziko pa chipata cha Songwe. Msewu ngati umenewu ukafunika kukonza, bungwe la Roads Authority limaitana makontrakitala kuti apikisane polemba mitengo yawo pa tenda. Lamulo la zogulagula za boma la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe la PPDA, linaika mpikisano wapoyera kukhala njira yoyamba yoperekera ntchito zotere. Koma mtengo umene kontrakitala amalemba si wa simenti, miyala, phula ndi malipiro a antchito zokha. Muli ndalama zina za mitundu iwiri.

Zoyamba ndi zolowera mpikisano. Kampani imagula zikalata za tenda, imatenga chikalata cha msonkho ku MRA, imalipira banki kuti iikire chikole, ndiponso imatumiza mainjiniya kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre kukaona malowo. Ikapambana imaperekanso chikole china chotsimikiza kuti idzamaliza ntchito, ndipo gawo la malipiro ake limasungidwa mpaka nthawi yokonza zolakwika itatha. Popeza kampani imaluza tenda zambiri kuposa zimene imapambana, zonse zimene inawononga polephera imazibweza pa tenda imene yapambana. Makampani ang'onoang'ono ambiri salowa n'komwe, ndipo opikisana akachepa mitengo imakwera.

Zachiwiri ndi zodzitetezera ku zosadziwika. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Phula, dizilo ndi zipangizo za makina zimagulidwa kunja, choncho amene anasaina mgwirizano wosalola kusintha mitengo anapezeka akugula katundu modula pamene malipiro ali omwe aja. Boma likachedwa kulipira, kontrakitala amakongola ku banki pa chiwongola dzanja chokwera. Malo nawonso amabisa zambiri: m'mbali mwa nyanja ku Karonga mitsinje yochokera m'mapiri imasefukira nthawi ya dzinja, n'kukokolola dothi ndi kutseka makalavati ndi mchenga. Ngati mgwirizano sukunena amene adzalipire zimenezi, kampani yosamala imawonjezeratu ndalama.

Apa mpikisano umabala vuto lina. Wolemba mtengo wotsikitsitsa nthawi zina ndi amene sanawerengere bwino zoopsazi, kapena amene akudalira kudzapempha ndalama zowonjezera ntchito ili mkati. Mapeto ake amakhala mikangano, kuchedwa, kapena kuthetsa mgwirizano n'kuitananso tenda ina pamtengo wokwera.

Njira zochepetsera zimenezi n'zodziwika. Kupima dothi ndi kujambula mapulani athunthu tenda isanatuluke kumachepetsa kungoganizira. Ndime yolola kusintha mitengo kwacha ikagwa imachotsa chifukwa chowonjezeratu ndalama. Kulipira pa nthawi yake, ndi chiwongola dzanja ngati boma lachedwa, kumatsitsa ngongole za kontrakitala. Mfundo yaikulu ndi yakuti choopsa chilichonse chisenzedwe ndi mbali imene ingathe kuchilamulira: kontrakitala ayankhe pa luso ndi liwiro la ntchito, boma liyankhe pa malo, mapulani ndi malipiro.