Anikumeto: kuwerenga kumayambira pa liwu

Ku Chiwamba, m'boma la Lilongwe, mwana wa Sitandade 1 amene wadziwa kuti m ndi a zikaphatikizana zimati ma wayamba kale kuwerenga, ngakhale alibe buku lakelake. Kuyambira mu 2016, pamene Unduna wa Zamaphunziro unakhazikitsa ndondomeko ya kuwerenga ya dziko lonse mothandizidwa ndi USAID, ana amayamba ndi maliwu a malembo, kenako maphatikizo, mawu athunthu pambuyo. Malembowo satsata a, b, c ayi. Aphunzitsi amayambira pa anikumeto, malembo asanu ndi anayi opezeka kawirikawiri m'Chichewa, moti mwana akangowagwira amawerenga yekha moto, mutu, amama, kumeta. Chinenero chathu chimailola njirayi: malembo a liwu ndi asanu okha, ndipo a wa mu ana ndi yemweyo wa mu nyama, pomwe m'Chingerezi lembo limodzi limasinthasintha ngati bilimankhwe.

Ena amati uku n'kungoimbitsa ana ma, me, mi, mo, mu osamva kanthu. Zimachitikadi, mphunzitsi akamaloza maphatikizo mu mzere womwewo tsiku ndi tsiku. Akangowasakaniza, woloweza aonekera pompo. Koma njira yakale yoloweza mawu athunthu nayonso sinatipindulire: kafukufuku wa mu 2010 anapeza kuti ana ambiri a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale mawu amodzi a Chichewa. Ndiponso mwana wa ku Chiwamba sayenda ulendo wokasaka tanthauzo. Akangotulutsa mbu ndi zi, mbuziyo akuidziwa, waisiya m'khola m'mawa womwewo.

Dandaulo lolemera ndi la kuchuluka kwa ana. Kalasi ya ana zana ikayankha pamodzi, amene akungogwedeza milomo amabisala mwa anzake, ndipo amagwidwa mochedwa, pa malembo ophatikizana. Pala ndi phala zimasiyana ndi kampweya chabe. Ng wa mu ngolo ndi ng' wa mu ng'ombe, kachizindikiro kamodzi. Apa vuto si njirayo, koma kuti khutu la mphunzitsi ndi limodzi. Makutu ena ali kumudzi: agogo amene anaphunzira ndi buku la Sosa maphatikizowa akuwadziwa, ndipo kulemba nkhwa pansi ndi kamtengo, mdzukulu n'kumalizitsa ngwa, sikufuna choko.