Akakulakwirani, mukamupeza kuti?

Mu mgodi bodza silikhalitsa. Woika mizati yochirikiza denga akagwira ntchito mwaulesi, mwala umagwa, ndipo aliyense amadziwa amene anali pa shifiti tsikulo. Wophulitsa miyala amakhala ndi laisensi, akalakwitsa amamulanda. Nanga bwanji chifuwa chikatigwira timapereka moyo wathu kwa munthu amene sitidziwa ngakhale kumene amagona?

Tayendani pa Mbare Musika, ku Highfield kapena ku Mufakose. Mupeza mapepala omatidwa m'makoma ndi pa mitengo ya magetsi, olonjeza kuchiza nthenda iliyonse. Nambala ya foni ilipo, koma dzina lenileni palibe. Ena amagulitsa mapilisi poyera, padzuwa. Mankhwalawo akakupwetekani, mawa lake mupeza pamalopo pakukhala wogulitsa tomato.

Dokotala weniweni ali ndi pomugwira. Dzina lake limalembedwa ku bungwe la Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe, ndipo mukadandaula, bungweli lingathe kumuletsa kugwira ntchito. Anamwino nawonso ali ndi bungwe lawo. Mankhwala amayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la MCAZ asanayambe kugulitsidwa.

Lamuloli limaluma ndithu. Mu 2018 mlaliki wotchuka wa mu Harare, Walter Magaya, analengeza kuti wapeza mankhwala ochiza HIV otchedwa Aguma. Atafika ku khoti mu 2019 anavomera kuti anaphwanya lamulo la mankhwala ndipo analipitsidwa madola 700. Ndalamazo n'zochepa, inde, koma iye anapezeka chifukwa ndi wodziwika. Wa papepala la pakhoma uja angapezeke bwanji?

Sitikunyoza asing'anga onse ayi. Kuyambira 1981 dziko la Zimbabwe lili ndi lamulo lolembetsa asing'anga. Wolembetsedwa ali ndi chiphaso ndi malo odziwika, ndipo wanzeru akamva chifuwa chosatha amakutumizani ku chipatala.

Kwa inu a m'migodi nkhaniyi ndi yaikulu. Fumbi la miyala likalowa m'mapapo limasiya zipsera zosachoka. Nthendayi, yotchedwa silicosis, ilibe mankhwala oichiza, ndipo imachititsa kuti munthu adwale TB mosavuta. Wachipatala adzakuuzani zoona zowawazi pamaso. Wokulonjezani kuti atsuka mapapo anu ndi botolo limodzi akufuna malipiro anu a mwezi basi.

Koma TB imachizika. Ngati mwatsokomola kwa milungu iwiri, mukuonda kapena kutuluka thukuta usiku, pitani ku kiliniki ya khonsolo, monga ya ku Budiriro, Mabvuku kapena Mbare, akakuyezeni makhololo. Mankhwala a TB ndi aulere, ndipo kawirikawiri amamwedwa kwa miyezi 6. Dzina lanu limalowa m'kaundula ndipo mumapatsidwa khadi. Mukasiya kubwera amakufufuzani, chifukwa nawonso amafunsidwa ndi akuluakulu awo kuti wodwala uja ali kuti. Odwalitsitsa amatumizidwa ku zipatala za Beatrice Road kapena Wilkins.

Amayi, bambo akabwera kuchokera ku mgodi akutsokomola, aperekezeni. Sungani bwino khadi, zithunzi za X-ray ndi mapepala a kuntchito m'pulasitiki. Amene anadwalira m'migodi ya ku Zimbabwe adzawafuna mapepalawa pokapempha chipukuta misozi ku NSSA.