Makina oona pansi pa nyanja atithandize kubwerera kumtunda, asatimalizitse nsomba

Mwezi wa May ukangolowa, mphepo ya mwera imayamba kuwomba panyanja ya Malawi ndipo sileka msanga mpaka cha mu August. A zanyengo amachenjeza pawailesi kuti asodzi asalowe m'madzi, koma chenjezo silidyetsa ana, choncho ena amalowabe. Chaka ndi chaka timamva za boti lomwe lasochera usiku, lathera mafuta pakati pa nyanja kapena lagubuduzika anthu ali momwemo. Kuno ku Golomoti nyanja sitiiona pakhomo, koma timadyera momwemo. Usipa womwe umayalidwa pamsika pathu umachokera kumadoko a kumunsi kwa Mtakataka, ku Malembo ndi ku Monkey Bay, ndipo ana ambiri omwe ndimaphunzitsa fizi yawo imachokera ku nsomba.

N'chifukwa chake nkhani ya makina oyendetsera boti ndi oonera nsomba ikutikhudza ngakhale ife a kumtunda. Makinawa ndidawaona ku Monkey Bay m'boti la mkulu wina yemwe adabwera nawo kuchokera ku Joni. Ndi kabokosi kokhala ndi galasi ngati la foni yaikulu, ndipo kamagwira ntchito ziwiri. Mbali imodzi imaonetsa mapu a nyanja ndi pomwe boti lili. Imeneyi ndi GPS. Mbali inayo imaonetsa kuya kwa madzi ndi zomwe zili kunsi kwa boti. Amalonda amaitchula kuti fishfinder. Makampani monga Garmin, Lowrance ndi Furuno amagulitsa zonsezi m'kabokosi kamodzi, koma ife tiyenera kuzilekanitsa m'maganizo mwathu, chifukwa phindu ndi kuopsa kwake n'zosiyana.

Tiyambe ndi GPS. Dziko la America lidaponya masetilaiti mlengalenga, pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kuchokera pansi pano, ndipo pofika 1995 adalipo 24 ogwira ntchito mokwanira. Setilaiti iliyonse imaulutsa uthenga wonena komwe ili ndi nthawi yomwe uthengawo wanyamuka. Kabokosi ka m'boti kakalandira uthenga kuchokera ku masetilaiti anayi kapena kuposa apo, kamawerengera pomwe kali. Poyamba asilikali a dzikolo ankasokoneza dala uthengawu moti makina a anthu wamba ankaphonya ndi mamita ofika 100, koma adasiya kutero mu May 2000. Lero GPS imaphonya ndi mamita ochepa chabe. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti uthengawu ndi waulere. Sufuna mayunitsi kapena bandulo, ndipo foni zambiri zamakono zili nayo kale GPS. Chofunika n'kulowetseratu mapu mufoni muli kumtunda komwe kuli intaneti.

Si kuti asodzi athu ankayenda mwachimbulimbuli makinawa asanabwere. Utaka umasonkhana pamiyala ikuluikulu ya pansi pa madzi yomwe asodzi amaitcha virundu. Msodzi wodziwa amapeza chirundu poyang'ana kumtunda: akaona kuti mtengo wakuti walunjikana ndi phiri lakuti, kwinaku nsonga ya chilumba yalunjikana ndi phiri lina, amadziwa kuti wafika. Mizere iwiri ikakumana, malo apezeka. Awa ndi masamu enieni, omwewo timaphunzitsa m'kalasi ndi rula ndi pensulo. Vuto lake n'lakuti nzeru imeneyi imadalira maso. Usipa amapha usiku ndi nyali, nthawi yomwe mapiri a Dedza ndi a Nankumba saoneka. M'chilimwe utsi wa moto wa m'tchire umaphimba mapiri ngakhale masana. Mvula ikagwa ndi mphepo ya mpoto, munthu sadziwa kuti kumtunda ndi kuti. GPS ilibe nazo ntchito zonsezi. Mukasindikiza batani muli padoko musananyamuke, makina amasunga malowo, ndipo pobwerera amakulozerani njira ndi kutalika kwa ulendo womwe watsala.

Phindu lake likuonekeratu. Mwini boti yemwe watchera matchera madzulo akhoza kusunga malowo m'makina, m'mawa n'kulunjika pomwepo osazungulirazungulira. Petulo ndi wodula, ndiponso ukonde wotayika umapitiriza kukola nsomba zomwe zimangowolera m'madzi. Choposa zonse, injini ikazima pakati pa nyanja, munthu yemwe foni yake ikugwirabe akhoza kuimbira anzake kapena apolisi a panyanja ku Monkey Bay n'kuwawerengera manambala a pomwe ali. Kunena kuti "tili pakati, tikuona magetsi chapatali" sikuthandiza wokusakani panyanja yotalika makilomita oposa 500.

Tsono tibwere ku mbali yachiwiri, yoona pansi pa madzi. Aliyense yemwe adafuulapo pafupi ndi phiri, monga pokwera Khwekhwelere, amadziwa kuti mawu amabwerera. Mleme umayenda usiku ndi nzeru yomweyo. Kunsi kwa boti amamangirira kachipangizo komwe kamatumiza phokoso losamveka m'khutu la munthu. Phokosolo likagunda pansi pa nyanja limabwerera, ndipo makina amawerenga nthawi yomwe latenga. M'madzi phokoso limathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, kuposa kanayi liwiro lake mumpweya. Samu yomwe ndimapatsa ana m'kalasi ndi iyi: phokoso likabwerera patatha masekondi 0.04, layenda mamita 60 kupita ndi kubwera, ndiye kuti madziwo ndi akuya mamita 30. Nsomba zimaoneka chifukwa zambiri zili ndi kathumba ka mpweya m'mimba, ndipo mpweya umabweza phokoso mwamphamvu. Makina oyamba ogulitsidwa kwa asodzi adapangidwa ndi abale awiri a banja la Furuno ku Nagasaki m'dziko la Japan mu 1948.

Panyanja yathu makina otere si achilendo kwenikweni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri a kafukufuku adayenda nyanja yonse pa sitima yotchedwa Usipa akuyeza kuchuluka kwa nsomba za pakati pa nyanja pogwiritsa ntchito phokoso lomweli. Sitima zikuluzikulu zophera nsomba nazonso zili nawo. Chatsopano n'chakuti tsopano makinawa achepa msinkhu ndi mtengo moti mwini boti la matabwa ayamba kuwaganizira.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galasi silionetsa chithunzi cha nsomba ngati kanema. Limaonetsa timizere tokhota ndi mabanga amitundumitundu, ndipo silinena kuti ichi ndi chambo, uyu ndi kampango. Nyanja yathu ilinso ndi msampha wakewake: nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'madzi ngati utsi. Tikadali timphutsi timakhala m'madzi miyandamiyanda, ndipo tili ndi timatumba ta mpweya. Masana timatsikira pansi, usiku timakwera. Pagalasi timaoneka ngati mtambo waukulu, moti wosadziwa akhoza kuponya chilimira n'kuvuula madzi okhaokha. Apa m'pomwe siginala wakale, yemwe amadziwa kayendedwe ka madzi ndi khalidwe la usipa mwezi ukawala, amaposa mnyamata wongodziwa mabatani. Makina amathandiza wodziwa kale nyanja.

Palinso zina zoti wogula aziganizire. Makinawa amafuna batire la mavolti 12, ndipo batire likatha pakati pa madzi kabokosi kaja kamasanduka chidole. Mwayi wake dzuwa tili nalo lambiri kuno kuchigwa. Si pachabe kuti malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20 adamangidwa ku Golomoti konkuno. Kasola kakang'ono kakhoza kudzaza batire masana. Chachiwiri ndi mapu. Makina ogulidwa kunja kawirikawiri amabwera ndi mapu a nyanja zamchere za komwe adagulidwa, ndipo nyanja ya Malawi imangooneka ngati chibanga cha buluu chopanda miyala kapena kuya kwake. Funsani za mapu musanapereke ndalama. Safunsa adadya phula. Chachitatu, madzi a m'nyanja yathu amakwera ndi kutsika. Mu 2024 adakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Mwala womwe udali poyera chaka china umabisala chaka chinzake. Chachinayi, GPS imakuuzani pomwe muli, koma siletsa mafunde. Sitima ya Vipya idamira pa 30 July 1946 kufupi ndi Chitimba n'kupha anthu 145, ndipo idali sitima yachitsulo. Wonyalanyaza chenjezo la mwera chifukwa ali ndi kabokosi akudzinamiza, ndipo jekete lodzitetezera m'madzi likhalabe lofunika kuposa makina aliwonse.

Nkhawa yanga yaikulu ili pa nsomba zenizenizo. Makina amapeza nsomba, koma sazichulukitsa. Ku Newfoundland m'dziko la Canada kudali nsomba yotchedwa cod yochuluka moti anthu ankaganiza kuti singathe. Sitima zokhala ndi makina oonera nsomba zinkapezabe magulu otsala ngakhale nsomba zitachepa kwambiri, choncho maukonde ankadzazabe ndipo anthu sadazindikire msanga kuti nyanja ikutha. Mu July 1992 boma lidaletsa usodziwo, ndipo anthu pafupifupi 30,000 adasowa ntchito. Ife sitifunikira kupita kutali chotero. Chambo chidatha m'nyanja ya Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 popanda ngakhale makina otere, maukonde a maso ang'onoang'ono okha. Lero gawo lalikulu la nsomba zomwe timapha m'dziko muno ndi usipa, ndipo chambo chasanduka ndiwo ya opeza bwino. Madzi akuya kupitirira mamita 250 alibe mpweya woti nsomba zipume, choncho ngakhale nyanja imafika mamita 700 kumpoto, malo a nsomba ndi ochepa kuposa momwe maso amaonera. Mbali yathu ino ya kummwera, yosaya kwambiri, ndiyo nkhokwe. Kale nsomba yobisala pamalo osadziwika inkapulumuka n'kuswana. Boti lililonse likakhala ndi diso loona pansi, idzabisala kuti?

Komabe makina omwewa akhoza kukhala mboni ya lamulo. Malamulo a usodzi amaletsa sitima zokoka maukonde pansi kugwira ntchito m'madzi osaya mamita 18, momwe nsomba zimaswerana. Woyendetsa sitima yokhala ndi makina sanganene kuti sadadziwe kuya kwa madzi, pakuti nambala imakhala pagalasi pamaso pake. M'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, omwe adakhazikitsidwa mu 1980, n'koletsedwa kupha nsomba mamita 100 kuchokera m'mphepete. Malire otere ndi ovuta kuwaona pamadzi, koma GPS imawaonetsa. Makomiti a m'madoko omwe akhazikitsa malo oswerana nsomba akhoza kusunga malire ake m'foni, mikangano ya "sindidalowemo" n'kuchepa.

Ndipo lamulo lomwe limagwira bwino ndi lomwe eni ake alivomereza. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, pansi pa Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula chaka chilichonse kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo utaka wa kumeneko ndi wotchuka mpaka lero. Anthu a ku Mbenji sadadikire setilaiti kuti adziwe zoti nsomba imafuna nthawi yopuma.

Pempho langa likupita mbali zitatu. Kwa eni maboti: yambani ndi GPS, ngakhale ya m'foni yotsekeredwa m'pepala la pulasitiki, ndipo phunzitsani anyamata onse a m'boti kusunga malo a doko ndi kuwerenga manambala, osati kapitawo yekha. Kwa nthambi ya za usodzi ndi sukulu ya usodzi ya ku Mpwepwe: maphunziro a makinawa afike m'madoko ang'onoang'ono, m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitonga, ndipo aphunzitsidwe pamodzi ndi malamulo a nyengo yotseka nyanja. Kwa aphunzitsi anzanga a m'mbali mwa nyanja: pophunzitsa za phokoso ndi za mapu, tengani zitsanzo m'boti la bambo a mwanayo, ndipo itanani msodzi wachikulire adzafotokoze momwe amapezera chirundu nzeruyo isanapite naye kumanda.

Makinawa akubwera, tifune tisafune, monga zidabwerera injini ndi foni. Tiwalandire kuti mwamuna wopita kunyanja madzulo azibwerera m'mawa ana ake akumudikira. Koma aliyense woyang'ana pagalasi lija azikumbukira kuti gulu la nsomba lomwe akuliona likhoza kukhala lomwe likadaswa za chaka chamawa.